Kapampu ka Pamwamba pa Kabati

Mlamu wanga ali ndi manja obowoka. Ndimamukonda, koma zimenezi ndimanenabe. Mukamupatsa shuga woti athe mwezi, sabata yachiwiri mumupeza akukokota pansi pa chitini, ndipo mukafunsa amakuuzani za mayi wina wa kuseri kwa msika amene ana ake akumwa tiyi wopanda kanthu. Ine ndimakhala nawo pakhomopo ndipo ndimasoka zovala pakhonde, choncho aliyense wobwera ndi nkhope yakugwa amayamba wadutsa pa makina anga asanakafike kwa iye. Anthu otere ndimawadziwa ndi kayendedwe komwe.

Achimwene anga, amuna akewo, amayendetsa lole ndipo amatha masiku ali pamsewu. Si ouma manja, koma chilichonse amafuna chikhale pamalo pake. Malipiro akabwera amakhala patebulo n'kuyamba kugawa za lendi, za chakudya, za sukulu ndi za mankhwala. Pamapeto pake amatsala ndi kagawo kochepa, n'kukakankhira kwa mkazi wawo ndi chala chimodzi. Kameneko amati ndi ka anthu. Mlamu apatse amene wamufuna, palibe womufunsa, koma kakatha katha, wobwera pambuyo pake alandire moni ndi madzi akumwa. Mwezi uliwonse mlamu amavomera ndi mutu, ndipo mwezi uliwonse kagawoko sikaona sabata yachiwiri.

M'nyumbamo munali chinthu chimodzi chimene ngakhale iye ankadziwa kuti si cha anthu. Mwana wawo wamkazi timamutcha Kanyerere, chifukwa ndi wochepa thupi ndipo sayenda chimanjamanja, nthawi zonse wanyamula kenakake. Mwanayu ali ndi mphumu. Ikamugwira, chifuwa chimalira ngati wisulo, mapewa amakwera mpaka m'makutu, ndipo chomutsitsimula ndi kapampu ka mankhwala kopopera m'kamwa. Kena kankakhala m'chikwama chake cha kusukulu, kena katsopano kankadikira m'kabokosi kake pamwamba pa kabati. Ka pamwambako sikankatsitsidwa mpaka ka m'chikwama katatha, ndipo tsiku lotsitsalo linali lomwelo logulira kena. Achimwene anaika lamuloli atamuona mwanayo milomo itada pa benchi ya kuchipatala ali wamng'ono. Nkhani imeneyo sakonda kuikamba.

Tsiku lina mayi amene amatichapira mabulangete anabwera ndi mwana wake wamwamuna, wa msinkhu wa Kanyerere. Sanabwere kudzapempha, pamenepo ndimuchitire umboni. Anamukhazika mwanayo pamthunzi wa mpanda n'kuyamba ntchito yake. Ndinamva kaphokoso ndisanadziwe kumene kakuchokera, moti ndinaimitsa makina poganiza kuti lamba wayamba kulira. Sanali lamba. Mwanayo anali atawerama, manja pamawondo, akukoka mpweya movutika ngati akukoka ndowa yodzaza m'chitsime.

Mlamu anamvanso ali kukhitchini, ndipo anatuluka manja ali ndi thovu la mbale. Mayi wochapayo anafotokoza maso ali m'beseni kuti amamupaka mafuta pachifuwa n'kumufukiza nthunzi ya madzi otentha. Kuchipatala anamulembera kapampu, koma anati kwatha, akagule yekha. Atakafunsa mtengo wake kusitolo ya mankhwala, anangothokoza n'kutuluka. Mlamu anamvetsera zonsezo ali chilili. Ka anthu ka mwezi umenewo kanali katatha kalekale, ndipo ine ndinapuma poganiza kuti lero zithera pa madzi akumwa. Kenako ndinamuona akukokera mpando kuchipinda chodyera, ndipo ndinadziwa kumene mpandowo ukupita.

Ndinamupeza atakwera kale. "Alamu, tsitsani dzanja limenelo."

"Mukumumva mwanayo inu?"

"Ndikumumva. Wathunso ndimamumva akayamba."

Anandiyankha mofulumira, ngati munthu amene wakangana kale ndi mtima wake n'kupambana. Anati ka m'chikwama kadakali kolemera, mwezi watsala pang'ono kutha, ndipo akalandira ka anthu ka mwezi wamawa akawonjezera za sopo n'kugula kena. Ndiye kuti sanabe kanthu, wangopereka msanga. Masamu a mlamu wanga ndi otero, nthawi zonse amabwereka kwa mwezi umene sunabadwe. Anatulutsa kapampuko, n'kubwezera kabokosi kopanda kanthu pamalo pake penipeni, pamene fumbi linasiya chizindikiro chake. Anandipempha kuti ndisawauze achimwene. Sindinalonjeze, koma achimwenewo anali kutali.

Anamuphunzitsa mwanayo kapoperedwe kake atagwada pamatope a madzi ochapira. Patapita kanthawi mapewa aja anatsika, wisulo ija inazilala, ndipo mwanayo anapempha madzi. Mayi ake analira osatulutsa mawu, akufinyabe bulangete. Ngakhale ine, amene amanditi wouma mtima, ndinayang'ana kumbali. Koma madzulo ake, Kanyerere akutsokomola pang'ono posamba, maso anga anapita pa kabati.

Mwezi unatha, ndalama zinabwera, koma kapampu sikanapezeke. Kusitolo ya mankhwala ya pafupi anati katundu sanafike, abwere sabata yamawa. Kwina anati katha dzulo. Kwinanso mtsikana wogulitsa sanadzutse n'komwe mutu pa foni yake. Mlamu anazungulira mpaka nsapato zinamutupitsa zidendene, ndipo anabwerera ndalama zili m'manja, zonyowa ndi thukuta.

Sabata yomweyo anthu okonza msewu anafika ndi makatapila awo. Anakumba msewu wathu kuchokera kumtunda mpaka kumsika, n'kusiya ngalande ndi milu ya dothi moti ngakhale njinga yamoto sinkalowa. Fumbi linali koboo kuyambira m'mawa. Linkalowa m'makapu, m'mabuku, ngakhale m'mano. Nsalu yoyera ya kasitomala ndinkaisoka itafiira kale. Tinatseka mawindo n'kuika zisanza zonyowa pansi pa zitseko, koma Kanyerere ankayenera kupita kusukulu, ndipo ankabwerako akupopera.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ndi amene anatiuza za beseni. Anati ukachotsa kachitini ka m'kati mwa kapampu n'kukaika m'madzi, kodzaza kamamira, kotha kamayandama. Kuyambira pamenepo mlamu anasandutsa beseni kukhala wolosera wake. M'mawa uliwonse mwana akuvala, iye ankazemba ndi chikwama kupita kubafa, ine pambuyo. Masiku oyamba kachitiniko kankaima chilili, mutu wokha uli pamwamba pa madzi. Kenako kanayamba kupendekeka. Tinkakayang'ana, azimayi awiri akuluakulu titazinga beseni ngati muli nsomba. Mlamu anasiya kudya bwino. Mwana akangokhosomola, iye ankaumirira pomwe waimapo, chilichonse chili m'manja mwake chili lende.

Anayamba kumuuza Kanyerere kuti azipirira pang'ono asanapopere, ayambe wakhala pansi n'kumwa madzi ofunda. Achimwene atabwera kudzagona masiku awiri, anamupeza mwanayo akuchita zimenezo, kapampu kali m'manja koma osapopera. Anafunsa chifukwa chake, ndipo Kanyerere anati amayi anati tizisunga.

"Popera, mwanangu, usaumire," anatero achimwene, akuloza kabati ndi chibwano. "Kena kali pamwambapo."

Supuni inagwa m'manja mwa mlamu. Ine mawu anafika pakhosi penipeni, koma mlamu anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, maso a munthu amene waima m'mphepete mwa dzenje. Titakumana kukhitchini ndinamunong'oneza kuti awauze, poti amayenda mitunda italiitali ndipo angakapeze kwina. Anati awauza mawa. Mawa lake achimwene ananyamuka kusanache bwino, ndipo mlamu anawaperekeza mpaka pageti pakamwa pali potseka. Sankaopa kumenyedwa, achimwene satukula dzanja. Ankaopa kuwaona nkhope.

Tsiku limene tinkaliopa linafika masana, dzuwa lili pamutu, makatapila akulira kuseri kwa mpanda. M'mawa mwake kachitini kaja kanali katagona chammbali pamwamba pa madzi. Ndinamuona Kanyerere akulowa pageti pang'onopang'ono, akugwira mpanda, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anali chimanjamanja. Chikwama anachisiya pansi kunja kwa geti. Ndinadumpha makina n'kukachitola, mlamu akumukhazika mwanayo pakhonde. Anagwedeza kapampu n'kukaika m'kamwa mwake. Kanangoti fuu, mphepo yokhayokha. Anagwedezanso mwamphamvu, n'kupoperanso, koma munalibe kanthu.

Mantha amapusitsa munthu. Mlamu anathamangira m'nyumba, n'kukwera pampando, n'kutsegula kabokosi kamene anakakhuthula yekha ndi manja ake. Anasuzumiramo ngati mwina china chamera. Ine ndinaimbira bambo wa galimoto wa m'dera lathu, koma anali kuntchito kutali. Kumsewu waukulu ndi kutali, ndipo kumunyamula mwanayo kudutsa m'fumbi lija kukanangomumaliza. Ndinaimbira achimwene. Anati ali panjira yobwerera, atsala pang'ono kulowa m'tauni, ndipo anamva wisulo ya mwana wawo pa foni pomwepo.

"Tsitsani ka pamwamba pa kabati, ndikubwera," anatero.

Ndinadula foni. Milomo ya Kanyerere inali itayamba kusintha mtundu, ndipo ankandiyang'ana osatha kunena kuti azakhali. Ndinamuuza mlamu kuti amugwire chokhala, asamugoneke, ndipo ndinaliyatsa liwiro kulowera kwa mayi wochapa uja.

Amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, m'mbali mwa msewu womwewo. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikamuuza kuti chifundo chili ndi malire, kuti wagwiritsa ntchito mokwanira, kuti mwini wake akufa. Ndinali wokonzeka kulanda ngati akana. Ndinadumpha ngalande, nsapato imodzi inatsalira m'dothi, sindinaitole.

Nditakhota pangodya mawu onse aja anauma. Mwana wake anali pakhomo atakhalira ndowa yovundikira, atawerama, mapewa ali m'makutu. Fumbi limene linagwira wathu linamugwiranso iye. Kapampu kathu anali atakafumbata ndi manja awiri, ndipo mayi ake ankamukupiza ndi chikatoni, akumuuza kuti apirire pang'ono asanapoperenso, monga mmene mlamu ankamuuzira Kanyerere. Ndinaima pamenepo ndikupuma wefuwefu, ndipo chimene ndinatha kunena ndi dzina la mwana wathu basi.

Mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana phazi langa lopanda nsapato, n'kuyang'ana mwana wake. Anagwada n'kuyamba kumasula zala za mwanayo chimodzichimodzi, poti sankafuna kusiya. Anapukuta kapampuko ndi nsalu yake n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ndi kanu kale, mayi. Ife tinangobwereka."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinakalandira n'kutembenuka, koma maso a mwanayo anatsatira dzanja langa, ndipo wisulo yake inandilondola mpaka phokoso la makatapila linaimeza.

Ndinamupeza mlamu atamufungata Kanyerere kumbuyo, akumutchula mayina onse achikondi amene anamupatsapo. Ndinapopera ndine. Kanatulutsa mankhwala, ndinamva fungo lake. Tinadikira. Ndinapoperanso. Kudikira kumeneko sindikufunira ngakhale mdani wanga. Pang'ono ndi pang'ono mapewa anayamba kutsika, khosi linasiya kulowa m'kati, ndipo mwanayo anatsamira pachifuwa cha amayi ake n'kuyamba kulira. Kulira kwake kunandikoma kuposa nyimbo iliyonse, chifukwa wopanda mpweya salira.

Mlamu anamupukuta nkhope, kenako anandifunsa mmene ndamupezera mwana wa mayi uja. Ndinayang'ana pansi. Anandifunsanso, ndipo ndinati fumbi ndi lomweli. Anatola kapampuko n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Munali mutatsala kanthu, koma kochepa. Anamukhazika Kanyerere pa ine n'kuimirira, ndipo ine ndinamusiya mwanayo pampando n'kukaima pageti, manja nditatambasula.

"Alamu, mwana wanu ndi uyu."

"Uyu wapuma. Uja sanapume."

"Nanga ikamubwereranso, mumupatsa chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero. Misozi inali chuchuchu. Anacheuka kuyang'ana mwana wake, n'kubwerera masitepe angapo, n'kuimanso. Sindinaonepo munthu wamantha chotero. Kenako anawerama n'kudutsa pansi pa mkono wanga, n'kuthamanga wopanda nsapato kulowa m'fumbi lija. Ndinamukuwira kuti ndi wamisala, koma mkono wanga sindinautsitse kuti ndimugwire.

Ndinatsala ndi Kanyerere m'nyumba, zitseko zonse zotseka, khutu langa lili pamsana pake. Poyamba mpweya unkalowa bwino. Kenako, pansi penipeni, ndinayamba kumva kaphokoso kaja, kochepa ngati ka udzudzu. Ndinadziuza kuti ndi makutu anga. Ndinasintha khutu, ndipo kanalipobe. Ndinayang'ana m'chipinda chonsecho, makapu, wailesi, zithunzi za pakhoma, katundu yense amene achimwene anamukhetsera thukuta, ndipo panalibe chimodzi chimene chikanamupatsa mwanayo mpweya. Ndinamuuza kuti apume pang'onopang'ono, amayi akubwera.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali achimwene, fumbi lili mpaka m'nsidze. Lole anali ataisiya kumsewu waukulu n'kubwera chothamanga. Sanapereke moni. Anamva chifuwa cha mwana wawo ali pakhomo, ndipo analunjika pa kabati. Iwo ndi aatali, safuna mpando. Anatsitsa kabokosi, ndipo ndinaona dzanja lawo likudabwa ndi kupepuka kwake asanatsegule n'komwe. Anatsegulabe. Anayang'ana m'katimo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Amayi ake ali kuti?"

Ndinawauza zonse mwachidule, kuyambira tsiku la mabulangete mpaka pageti. Ananyowetsa thaulo n'kumufunditsa Kanyerere kumutu, n'kumunyamula paphewa. Ndinawatsatira ndi nsapato yanga imodzi. Titafika pa malo owotcherera zitsulo anakhota okha, ine osawauza. Tinamupeza mlamu atagwada pakhomo la mayi uja, akugwedeza kapampu kamene tsopano kanali katatheratu. Mwana uja anali atapezako pang'ono, koma maso ankatembenuzika. Mlamu atawaona amuna ake anatsegula pakamwa, koma iwo anangomupatsira Kanyerere, n'kunyamula mwana winayo, poti ndiye anali wolemera komanso wofooka kwambiri.

Kuchipatala anawavundikira onse awiri zopumira kumaso. Kanyerere tinabwerera naye tsiku lomwelo. Mnzakeyo anagonekedwa masiku angapo, ndipo namwino anati kupopera komaliza kuja n'kumene kunamufikitsa pakhomo la chipatala ali moyo. Namwino yemweyo atamva za beseni anatikalipira ngati ana, anati madzi sanena zoona ndipo amangowononga mankhwala. Mlamu anamva zonse ziwirizo ali pa benchi, mapazi ali magazi.

Ndinkayembekeza mkuntho m'nyumba muja. Ndinakonzeratu ndi mbali yanga, kuti ndinamuletsa koma sanamve. Mkunthowo sunabwere. Achimwene sanakalipe, sanafunse chifukwa chake, ndipo pa ulendo wotsatira anabwera ndi timapampu tiwiri tochokera kutali. Mwezi utatha anakhala patebulo monga mwa masiku onse, n'kugawa za lendi, za chakudya, za sukulu ndi za mankhwala. Pamapeto pake anakankhira ka anthu kwa mkazi wawo ndi chala chomwe chija, osachepetsa ngakhale pang'ono. Mayi wochapa uja amabwerabe, ndipo msewu anaumaliza.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha. Kale achimwene akabwera kuulendo ankayamba kuitana mkazi wawo ali pageti. Tsopano amalowa chete, chikwama chili paphewa, n'kumudutsa mlamu ataima pakhomo kuwalandira. Amapita pa kabati, amatsitsa kabokosi n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Ine ndikawaona akulowa ndimapondereza makina kuti alire kwambiri, koma ndimamvabe. Kabokosiko kakalira kuti muli kanthu, m'pamene amatembenuka n'kumufunsa mkazi wawo kuti mwatsala bwanji, ndipo iye amayankha kuti tatsala bwino, maso ali pansi.